Kandimverere wamakono: osaona asankhe okha chowawerengera

Aliyense amene adafikako pachipata cha Mchinji akudziwa kuti pamalire sipayendedwa ndi miyendo yokha, pamayendedwa ndi mapepala. Pali chiphaso chodutsira, pali fomu ya msonkho, pali lisiti la katundu, pali chidindo ichi ndi chidindo icho. Mu Disembala 2022 atsogoleri a panthawiyo a maiko awiriwa, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, adatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami kuti munthu asamaime kawiri. Mizere idafupika, inde, koma mapepala sadathe.

Tsono tiyeni tifunsane, abale anzanga: munthu wosaona amene akuchita geni ya mtedza kapena ya zitenje pakati pa Kamwendo ndi Chipata, mapepala onsewa amamuwerengera ndani?

Yankho tonse tikulidziwa. Amamuwerengera mwana wake, mdzukulu, mnzake wapampingo, kapena mnyamata wongokumana naye padepoti. Ambiri mwa anthu amenewa ndi okhulupirika, sitikukana. Koma akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu wamkulu, wanzeru zake, wolipira msonkho ngati wina aliyense, sayenera kuulula ngongole zake, matenda ake ndi makalata a banja lake kwa mwana wa sitandade 5 chifukwa chongoti alibe wina womuwerengera.

Nkhaniyi si ya anthu awiri kapena atatu ayi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, anthu 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo pafupifupi theka la iwo vuto lawo ndi la maso. Si onse amene saoneratu, koma ambiri pepala la zilembo zing'onozing'ono lidawakanika kale. Boma la Mchinji lokha lidali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera ameneyu. Werengerani nokha.

Masiku ano kwabwera kandimverere wamakono. Foni yam'manja kapena kompyuta ikutha kujambula pepala, n'kuzindikira zilembo zake, kenaka n'kuziwerenga mokweza. Luso lozindikira zilemboli Azungu amalitchula mwachidule kuti OCR. Mabungwe achifundo, masukulu ndi abale okhala kunja ayamba kugulira anzathu osaona zipangizo zimenezi. N'zoyamikika. Koma mfundo yanga lero ndi imodzi: pulogalamu yowerengera munthu wosaona isasankhidwe muofesi poyang'ana kabuku kotsatsa malonda. Asankhe ndi osaonawo, ndipo aiyese pa mapepala enieni a kwathu kuno.

Lusoli si ladzulo. Mu Januwale 1976 katswiri wa ku America, Ray Kurzweil, adaonetsa makina oyamba otha kuwerenga mokweza buku losindikizidwa. Adali makina aakulu, osanyamulika m'manja, ndipo mtengo wake udali madola pafupifupi 50,000. Woimba wosaona uja, Stevie Wonder, adali m'gulu la oyamba kukhala nawo. Lero ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi kafoni kokwana m'thumba la malaya, ndipo mapulogalamu ambiri ndi aulere. Kampani ya Microsoft idatulutsa Seeing AI mu 2017 ya mafoni a iPhone, ndipo kumapeto kwa 2023 idafika pa mafoni a Android. Kampani ya Google idatulutsa Lookout mu 2019. Kuli Envision ya ku Netherlands, kulinso Be My Eyes imene idayambira ku Denmark mu 2015, yolumikiza munthu wosaona ndi munthu woona wongodzipereka kudzera pa kamera ya foni.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, timatero. Koma kalumoko tisanametere mwana, tiyambe takayesa.

Choyamba chimene wogula ayenera kumvetsa n'chakuti pano pali antchito awiri, osati mmodzi. Woyamba ndi uja wozindikira zilembo. Iye amatenga chithunzi cha pepala, kuchiwongola, kusiyanitsa inki ndi pepala, kupeza mizere, n'kuyamba kulota kuti kachizindikiro aka ndi "m" kapena "n". Wachiwiri ndi wowerenga zapasikirini, amene amatulutsa mawu. Pa Android dzina lake ndi TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver, pa kompyuta otchuka ndi JAWS ndi NVDA. Antchito awiriwa akapanda kumvana, ndalama zalowa m'madzi. Pali mapulogalamu ozindikira zilembo bwino kwambiri koma opangidwira anthu oona. Mabatani ake alibe mayina, ndiye wosaona akamayendetsa chala amangomva "batani, batani, batani" osadziwa kuti lojambulira ndi liti. Pulogalamu yotere, kaya ikhale yamphamvu bwanji, kwa iye ndi khasu lopanda mpini.

N'chimodzimodzinso ndi kulozetsa kamera. Woona amangoyang'ana kuti pepala lonse lalowa. Wosaona amafunika pulogalamu yomuuza kuti kweza pang'ono, sunthira kumanzere, m'mphepete mwa pepala simukuoneka, gwira pomwepo. Seeing AI ndi Lookout zimapereka malangizo otere chifukwa zidapangidwira ntchito imeneyi. Ichi ndiye choyamba kufunsa, mtengo ubwere pambuyo.

Chachiwiri ndi chilankhulo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Pulogalamu ikakayikira chilembo imafunsa mawu amene idaphunzitsidwa. Ngati idaphunzitsidwa Chingerezi chokha, ikakumana ndi Chichewa imayamba "kukonza" zimene sizidalakwike. Kachizindikiro kakang'ono kaja kapamwamba kamene timalemba mu "ng'ombe" kapena "n'chiyani" imatha kukayesa kachitsotso n'kukataya. Wina anganene kuti ndi zazing'ono izo. Eti zazing'ono? Tayerekezani kalata yakuti "mubwere m'mawa" itawerengedwa kuti "mubwere mawa". Munthu waphonya mlandu kwa mfumu, kapena waphonya galimoto yodzagula soya, chifukwa cha kachizindikiro kamodzi. Nanga "ŵ" uja wa m'mabuku ena ndi m'makalata a achikulire? Pulogalamu yosamudziwa imaika chilembo china chilichonse chimene yaganiza.

Ku Mchinji vutoli limakula chifukwa bomali lili pamphambano. Kumadzulo kuli Zambia, kumene chilankhulo chathu chomwechi amachilemba mosiyanako: ife timalemba "chakudya", mabuku awo a sukulu amalemba "cakudya". Kummwera bomali limakhudzana ndi Mozambique, kumene mapepala aboma ali m'Chipwitikizi chokhala ndi tizizindikiro take pamwamba ndi pansi pa zilembo. Onjezanipo chizolowezi chathu chosakaniza Chingerezi ndi Chichewa mumzere umodzi. Pulogalamu imene idapambana mayeso ku London sikuti yapambananso pa Mkanda.

Zoona zake n'zakuti chilankhulo chathu sichili m'mapulogalamu onse. Tesseract, pulogalamu yaulere imene idayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980 ndipo idaperekedwa kwa anthu onse mu 2005, ili ndi zilankhulo zoposa 100. Chiswahili chilimo, koma Chichewa mulibe pa mndandanda wake. Pulogalamu yogula ya ABBYY FineReader ili ndi Nyanja pakati pa zilankhulo zimene imazindikira. Google Translate idalandira Chichewa mu Disembala 2014, koma kumasulira ndi ntchito ina, kuwerengera wosaona ndi ntchito inanso. Dzina la chilankhulo likaoneka pabokosi tisathamangire kuomba m'manja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsegulani, yesani.

Ngakhale zilembo zitazindikirika bwino, patsala nkhani ya liwu. Liwu lachingerezi likamawerenga Chichewa limamveka ngati mzungu wongotsika ndege dzulo pa Kamuzu. Mawu ngati "mphwanga" kapena "nkhwangwa" limawatafuna mpaka mwini chilankhulo osawazindikira. Pali njira yozembera: mu eSpeak, liwu laulere limene limabwera pamodzi ndi NVDA, muli Chiswahili, chimene mavawelo ake 5 amafanana ndi athu. Chimathandizako, koma nachonso chili ndi pogwera, poti "th" wa Chiswahili si "th" wa mu "thumba" kapena "thobwa". Khutu la mwini wake ndilo lingagamule kuti liwu ili ndingathe kukhala nalo tsiku lonse kapena ayi. Mkulu wogula zinthu kuofesi, amene adzangomvera mphindi ziwiri patsiku lolandira katundu, sangagamule zimenezo.

Chachitatu ndi mtundu wa mapepala athu. Otsatsa malonda amaonetsa tsamba loyera mbee, losindikizidwa bwino, lili pathebulo lowala. Mapepala a munthu wa ku Kapiri kapena ku Waliranji sali choncho. Ndi lisiti la pasikelo limene inki yake idayamba kufufutika lisanafike kunyumba. Ndi kope lachitatu la kaboni. Ndi fotokope ya fotokope. Ndi fomu ya mabokosimabokosi imene chidindo chagwera pamwamba penipeni pa nambala. Ndi kalata ya anyakwawa yolembedwa pamanja papepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu. Ndi kabuku ka kuchipatala kamene ngakhale woona amakapenda uku ndi uku asanatulukire chimene adokotala alemba.

Pa mapepala otere makina amasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, 5 ndi S, 8 ndi B. M'nthano zimenezi sizipweteka munthu, poti mutu umadzaza wokha pamene pasoweka. Koma pa nambala palibe chodzazira. K15,000 si K75,000. Ndipo pamalire pano tisaiwale kuti ndalama ya Malawi ndi ya Zambia zonse ndi kwacha, zonse zimalembedwa ndi K, koma mphamvu zake n'zotalikirana kwambiri. Foni ikangoti "K500" osaona mutu wa lisiti, wamalonda sadziwa ngati akukamba za ndalama yogula kamulu ka tomato kapena ya katundu wolemera ndithu.

Za ndalama zapepala nazo zili ndi mawu ake. Mapulogalamu otchuka ozindikira ndalama adayamba ndi dola, yuro ndi ndalama za maiko ena akuluakulu. Kuno K5,000 idatuluka mu 2022, ndipo Zambia idatulutsa ndalama zatsopano mu Malichi 2025. Pulogalamu imene siidziwa ndalama zimenezi isagulidwe ndi lonjezo lakuti idzathandiza pamsika. Itulutsireni ndalama yeniyeni, yakale ndi yofwifwa yomwe, tione ngati iitchule.

Chachinayi, ndipo ichi n'chatsopano, ndi nzeru zamakina zija akuti AI. Kuyambira mu 2023, Be My Eyes ndi mapulogalamu ena adayamba kugwiritsa ntchito nzeru zimenezi pofotokoza zithunzi ndi kuwerenga makalata. Kunena chilungamo, zimachita zodabwitsa. Zimatha kuwerenga zolemba pamanja zimene mapulogalamu akale ankangozisiya, ndipo munthu atha kuzifunsa kuti pa bilu iyi ndalama yonse ndi zingati, osadikira kuti ziwerenge tsamba lonse. Koma zili ndi khalidwe limodzi loopsa. Pulogalamu yakale ikalephera imatulutsa zopanda mutu, ndipo womvera amadziwiratu kuti apa zavuta. Yatsopanoyi ikalephera nthawi zina imapeka. Imadzaza mpatawo ndi mawu osalala, omveka bwino, ndi liwu losakayika. Woona atha kuyang'ana papepala n'kuigwira bodza. Wosaona aigwira bwanji?

N'chifukwa chake pa nkhani ya mankhwala, ya ndalama ndi ya chikalata chofuna kusayina kapena kudinda chala, lamulo likhale ili: jambulani kawiri, werengetsani ndi mapulogalamu awiri osiyana, ndipo akasemphana funsani munthu amene mumamukhulupirira. Paketi ya mankhwala othira m'munda ndi paketi ya mankhwala a mwana si malo oyeserapo mwayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi netiweki, magetsi ndi thumba. Mapulogalamu ena amagwira ntchito yonse m'foni momwemo. Ena amatumiza chithunzi ku makompyuta akuluakulu a kunja kwa dziko n'kudikira yankho, ndipo opanda intaneti amangokhala chete. Pa boma penipeni mwina zitheka, nanga kumidzi ya m'mphepete mwa malire, kumene foni imatha kusiya Airtel kapena TNM n'kugwira netiweki ya ku Zambia mwini wake osadziwa? Bandulo yatha, kalata ili pakati. Kalembera wa 2018 yemwe uja adapeza kuti nyumba 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi. Pulogalamu yomwa batire ngati ludzu la mu Okutobala ndi katundu wolemetsa kwa munthu wotchajitsa foni pa golosale.

Choncho woyesa azimitse intaneti, aone chimene chitsale. Ayesenso pa foni zotsika mtengo zimene anthu ali nazo kale, osati pa foni ya bwana. Kamera yofooka imabala chithunzi chachimbuuzi, ndipo chithunzi chachimbuuzi chimabala zilembo zabodza. Kwa ophunzira ndi ogwira ntchito pa kompyuta, nkhani yabwino ndi yakuti NVDA, imene adaiyamba mu 2006 Michael Curran wa ku Australia, mothandizana ndi mnzake James Teh, onse awiri osaona, ndi yaulere. Kuyambira mu 2017 imatha kuzindikira zilembo za pachithunzi pogwiritsa ntchito luso la mu Windows momwemo, popanda intaneti. JAWS nayo ili ndi luso lotere ndipo ndi yamphamvu, koma ndi yogula ndi madola. Pambuyo poti kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sukulu iliyonse iyambe yawerengera ngati idzathe kulipira chaka chamawa wopereka thandizo atapita kwawo. Makabati a m'masukulu asasanduke manda a zipangizo zimene laisensi yake idatha.

Chachisanu n'chimodzi ndi chinsinsi. Tidayamba n'kudandaula kuti mdzukulu akudziwa matenda a agogo ake. Nanga chithunzi cha chitupa chaunzika kapena cha zotsatira za magazi chikapita ku kompyuta ya kutsidya kwa nyanja, chimasungidwa masiku angati, ndipo amachiona ndani? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la mu 2024. Wopereka chipangizo amuuze wolandira, m'Chichewa chomveka, kuti pulogalamu iyi imatumiza zithunzi kunja, iyi sitero. Akatero mwini wake asankhe kuti kalata iyi ndiwerengetsa uku, iyi ayi. Ndi ufulu wake.

Tsono tichite chiyani? Maganizo anga ndi awa. Lisanagulidwe kanthu, pasonkhanitsidwe lichero la mapepala enieni a m'boma lino, mayina a eni ake atafufutidwa: lisiti la pasikelo, fomu ya pachipata, tsamba la nyuzipepala ya Chichewa lokhala ndi madanga angapo, tsamba la buku la Chinyanja la ku Zambia, kalata yapamanja, paketi ya mbewu, pepala la mayeso lokhala ndi tebulo la manambala. Pakhale anthu osaona a misinkhu yosiyana, amayi ndi abambo, wophunzira ndi mlimi yemwe. Aliyense ajambule yekha, popanda womugwira dzanja. Woona akhale pambali n'kumalemba: yaphonya manambala angati, yatenga nthawi yaitali bwanji, yadya ndalama zingati, yagwira popanda netiweki kapena ayi. Mwina padzapezeka kuti palibe pulogalamu imodzi yopambana zonse, kuti ina ndi ya malisiti, ina ndi ya mabuku. Palibe cholakwika. Mlimi sayenda ndi khasu lokha, chikwanje amakhalanso nacho.

Anthu oti atsogolere ntchitoyi alipo. Bungwe la Malawi Union of the Blind lilipo kuyambira mu 1994. Aphunzitsi ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu ali m'masukulu. Dera lino lilinso ndi mbiri yake pa maphunziro a osaona: kungodutsa malire, ku Magwero kufupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed adayamba kuphunzitsa osaona mu 1905, ndipo ku Kasungu, boma loyandikana nalo, sukulu ya Chilanga idayamba m'zaka za m'ma 1950. Pepala la Chichewa ndi la Chinyanja amavuta mofanana. Chingaletse n'chiyani kuti mbali ziwirizi ziyesere pamodzi n'kugawana zimene zapeza? Mutu umodzi susenza denga. Zotsatirazo ziulutsidwe pa wailesi ya Mudziwathu kuti ndi wa kumudzi yemwe amve.

Koma pali mawu ena owawa amene ayenera kupita kwa ife oona, makamaka a m'maofesi. Nthawi zambiri wosaona amavutika ndi kuzindikira zilembo chifukwa cha ulesi wathu. Kalata imalembedwa pa kompyuta, zilembo zake zili zomveka kale kwa wowerenga zapasikirini. Kenaka timaisindikiza, kuidinda, kuijambula ndi foni mopendekeka, n'kuitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi. Tatenga chinthu chowerengeka n'kuchisandutsa chosawerengeka, kenaka tikupempha thandizo kunja kuti tigule makina ochibwezera mwakale. Zoona zimenezi? Kutumiza kalata yomweyo ngati mawu, pambali pa chithunzi chodindacho, sikulira ngakhale tambala imodzi.

Malamulo tili nawo. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2017 lidalowa m'pangano la Marrakesh, lolola kuti mabuku asandutsidwe kukhala owerengeka kwa osaona ndi kuwoloka malire popanda kutsekerezedwa ndi umwini wa zolemba. Mu 2024 padabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, limene lidasandutsa MACOHA kukhala MACODA. Mapangano onsewa ali ndi tanthauzo pokhapokha chidziwitso cha khonsolo, cha sukulu ndi cha chipatala chitafika m'khutu la munthu wosaona tsiku lomwelo limene chafika m'maso mwa woona.

Ndipo tisanamizane kuti foni yalowa m'malo mwa Braille. Mwana amene amangomva mawu osakhudza zilembo ndi zala zake sadziwa kuti "mphunzitsi" amalembedwa bwanji. Khutu ndi la kumva nkhani, chala ndicho chimaphunzitsa kulemba. Ziwirizi ziyendere limodzi.

Kwa inu mabungwe ndi abale ofuna kuthandiza, mtima wanu ndi wabwino, koma safunsa adadya phula. Musabwere ndi bokosi lomata kale. Bwerani ndi mapulogalamu atatu kapena anayi, muwaike m'manja mwa eni ake pamodzi ndi lisiti lofufutika lija, inu mukhale chete. Amene adzakhale ndi liwulo m'khutu tsiku ndi tsiku, amene adzalipire likanama, ndi iwowo. Asankhe okha.